Botolo langa la Klear ndi khitchini ya apongozi

Ndili mwana ku Chilomoni, Loweruka lililonse m'mawa ndinkagwada pakhonde ndi kachitini ka Cobra wofiira, kupaka ndi kansanza, kenako kukwecha mpaka simenti iwale. Ndiye tsiku limene mdala wina wa kukalabu yathu ya omanga tindege kuno ku Nottingham, ku England, anandiuza kuti ndipake polishi wapansi pa kandege kanga, ndinangomuyang'ana. M'mutu mwanga munabwera phala lofiira lija ndi fungo lake, ndipo ndinati mumtima, mzungu uyu akundiyesa chitsiru.

Kwa amene simundidziwa, ine ndikaweruka kuntchito ndimamanga tindege tapulasitiki. Matendawa anayamba ndi magalimoto amawaya, angosintha zipangizo. Kandege kamene ndinali nako m'manja nthawi imeneyo kanali Spitfire, ndege yankhondo ya ku Britain, ya kampani ya Airfix, ya muyeso wa 1:72. Ndege yeniyeni mapiko ake amapitirira pang'ono mamita 11, koma yangayi ndi masentimita 15 ndi theka basi. Pakanthu kochepa chonchi, kachilema kalikonse kamaoneka ngati chipsera chapamphumi.

Chimene mdala uja ankanena si phula ngati Cobra ayi. Ndi timadzi toonekera mkati, topyapyala, ta kampani ya S. C. Johnson, timene ku Britain tinkagulitsidwa ndi dzina loti Klear, ku America Future. M'kati mwake muli acrylic, mtundu womwewo wa zinthu zimene zili mu penti yathu yosungunula ndi madzi. Akauma amasiya kakhungu kolimba, kowala, koonekera mkati. Kunena zoona ndi vanishi, kungoti anamulembera ntchito yapansi. Polishi waphula mukapaka pa ndege mwaiwononga, chifukwa pamwamba pa phula palibe penti kapena decal (kachithunzi komata) imene ingagwire.

Vuto langa linali ma decal, tizithunzi tija timanyika m'madzi n'kumata pamapiko. Penti ya ndege zankhondo ndi yosawala, ndipo penti yosawala mukaiyang'ana pa galasi lokulitsa ndi yokhakhala ngati msewu wa miyala. Mukamata decal pamenepo, imagona pamwamba pa timiyalato, pansi pake n'kutsala mpweya. Kuwala kukagunda, m'mbali monse mwa chizindikiro mumaoneka mbuu ngati siliva. Anzathu amati silvering. Ndege zanga zitatu zoyamba zonse zinali choncho, ndipo ndinkanamizira ma decal kuti ndi achabechabe.

Klear amadzaza timaenje tija. Mumapaka ndege yonse ndi burashi yofewa yotakata, osathira madzi, osabwerezabwereza pamalo amodzi. Poyamba mizere ya burashi imaoneka ndipo mtima umagunda, koma musiyeni, amadzisalaza yekha. Ena amapopera ndi airbrush, kachipangizo kopopera penti. Ine ndimaona kuti n'kudzichulukitsira zotsuka. Ndimadikira tsiku lathunthu, ndimamata ma decal pamalo osalala, kenako ndimapakanso kachiwiri kuti atsekeredwe mkati. Pomaliza ndimapopera vanishi wosawala, popeza Spitfire ya mu 1940 sinkanyezimira ngati galimoto ya ukwati. Alipo amene amasakaniza Klear ndi Flat Base X-21 ya Tamiya kuti apeze kusawalako, koma mukachulutsa ndege imatuwa ngati mwana wosadzola.

Koma pamene ndinagonjera kwenikweni ndi pa kagalasi kophimba woyendetsa ndege. Kamabwera ndi tizikanda, nthawi zina kachifunga. Mumakagwira ndi kopanira, kukamiza mu Klear, kukatulutsa, n'kugunditsa ngodya yake pa tishu kuti madzi otsala atsike. Mukatero kavundikireni ndi kapu, chifukwa fumbi limakonda pamenepa kuposa ntchentche pa usipa. M'mawa mwake mumapeza kakuwala ngati galasi lenileni, mpaka mpando wa mkati kuoneka. Phindu lina n'lakuti supagulu, amene nthunzi yake imatuwitsa pulasitiki yoonekera, sakachitanso kanthu. Ndipo mukalakwitsa, monga ndinachitira ine tsiku lina pogwira ndi chala kasanaume, mumangokanyika m'madzi otsukira mawindo okhala ndi amoniya, zonse zimachoka, n'kuyambiranso. Ndi vanishi angati amene amakukhululukira chonchi?

Chovuta n'chakuti chinthuchi sichikhala ndi dzina limodzi. Chinachoka pa Future n'kukhala Pledge with Future Shine, kenako mayina ena, mpaka Pledge Revive It. Kuno Klear wakale uja anachoka m'mashopu, ndipo amene anabwera m'malo mwake anali wamtundu ngati mkaka wosungunula. Ena amati amagwira bwino, ena safuna n'kumuona komwe. Lero anthu ambiri anasamukira ku Quick Shine, polishi wina wapansi, kapena amagula timabotolo topangidwira ntchito yathuyi ngati Aqua Gloss ya Alclad, timene mtengo wake ukauyerekeza ndi kuchepa kwake umangopukusa mutu. N'chifukwa chake amene ali ndi botolo lakale amalisunga ngati mbewu ya chaka chamawa. Botolo limodzi limatha zaka zambiri, poti ndege imodzi imangodya masipuni awiri kapena atatu.

Langa anandipatsa mdala yemwe uja, litatsala pang'ono kudzaza. Kulakwa kwanga n'kwakuti ndinkalisunga m'kabati ya pansi pa sinki, pamodzi ndi sopo.

Chaka chatha apongozi anabwera kuchokera ku Zomba kudzaona mdzukulu. Mayi aja sadziwa kukhala chabe. Ndikuchokera kuntchito, ndinangotsegula chitseko n'kuona khitchini ikuwala ngati m'banki.

"Mwaswera bwanji, bambo? Taonani pansipa. Polishi wabwino chonchi mumangomusunga osagwiritsa ntchito?"

Ndinayang'ana botolo lili pawindo, latsala pang'ono kufika theka. Akazi anga anali kuseri kwa chitseko, dzanja pakamwa, mapewa akugwedezeka.

"Zikomo kwambiri, amayi, mwagwira ntchito," ndinatero, uku ndikuwerenga mumtima ndege zimene zagona pansi pa mapazi anga. Munthu ungawauze bwanji apongozi kuti polishi wapansi si wopaka pansi?

Madzulo ake ndinatsanulira wotsalayo m'mabotolo awiri a jamu, n'kulemba kuti "mankhwala a ndege, musakhudze", ndipo ali pamwamba pa wadiropu. Pathebulo pali Lancaster, ndege ina yankhondo, imene ikudikira magalasi ake, ndipo ndi ambiri: kutsogolo, pamwamba, kumchira. Khitchini ija ikuwalabe mpaka lero, makamaka pakona pafupi ndi firiji pamene sitipondapo.