Tiyi wa agogo a ku Cağaloğlu

Mvula inandipeza pa chitunda cha Cağaloğlu ku Istanbul, ndikuchokera ku Eminönü komwe ndinadya buledi wa nsomba wotchuka uja. Amamutama kwambiri, koma pa chambo safika. Ambulera ndinali nditaiwala ku hotela, ndiye ndinathawira m'kanyumba kogulitsiramo tiyi.

Agogo ena aamuna anandisendezera mpando, n'kundiitanitsira tiyi wofiira m'kagalasi kowonda pakati, wopanda mkaka. Chingerezi chawo chinali chothyokathyoka, koma tinamvana.

Ndinawafotokozera za dzulo lake ku Dolmabahçe, nyumba yachifumu yomwe Sultan Abdülmecid, wolamulira ufumu wa Ottoman, anamaliza kumanga mu 1856. Tikiti ya mlendo kumeneko imapweteka, konzekani thumba, ndipo pitani m'mamawa mzere usanatalike. Mzungu wina m'gulu lathu atawona nyale yaikulu yamagalasi inalendewera kudenga, ananong'oneza mkazi wake kuti: "Waona? N'chifukwa chake ufumuwu ankautcha wodwala wa ku Ulaya." Dzinali amati linachokera kwa Tsar Nicholas I, mfumu ya ku Russia, mu 1853, nyuzipepala za ku Ulaya n'kulitola.

Agogowo anaseka mpaka kutsokomola. Kenaka analoza kumtunda kwa msewu, komwe kuli chinyumba chamiyala chimene lero ndi sukulu ya Istanbul Erkek Lisesi.

"Mwana wanga, madokotala a wodwalayo ankakhala mmenemo."

Ufumu wa Ottoman unatenga ngongole yoyamba yakunja mu 1854, pa nkhondo ya Crimea. Pofika 1875 unalephera kubweza. Mu 1881 kunakhazikitsidwa bungwe la okongoza, ambiri a ku Ulaya, lomwe linkatolera lokha msonkho wa mchere, fodya, silika ndi nsomba. Likulu lake linadzakhala chinyumba chimenecho. Ine wokulira ku Ndirande ndinangoti mumtima, uyu ndi katapila basi, wovala tayi.

"Wodwala wanji," anapitiriza agogo, "wothamangitsa Angerezi ndi Afalansa ku Çanakkale mu 1915?" Ndipo zoonadi, anthu amene analanda Constantinople (Istanbul wa lero) mu 1453, n'kukaima pa zipata za Vienna mu 1683, ufumu wawo unatha mu 1922, patapita zaka pafupifupi 70 chilengezereni matendawo. Koma m'mabuku omwe ndinawerenga ine ku sukulu, ankangowoneka ali pamphasa, akudikira maliro.

Sikuti agogowo ananena zonse. Za Aarmenia amene anaphedwa mwaunyinji mu ufumuwo chaka chomwecho cha 1915 sanatchuleko, nanenso sindinafunse. Tiyi anali wawo, ndipo ndinachita manyazi. Zimandivutabe.

Mvula itakata ndinatulutsa ndalama. Anandikankha dzanja, n'kudzigwira pachifuwa. Ndinakwera mpaka pageti la sukulu ija, mlonda n'kundiuza kuti alendo salowa. Ana anali kuweruka, zikwama pamutu, akulumpha zithaphwi.