Mmene ndinakanenera jekete langa lomwe kwa abwana

Anthu akamakulimbikitsani kusiya fodya amangokamba za mapapo, za khansa, za mtima, ndipo zonsezo ndi zoona sindikutsutsa, koma palibe ndi mmodzi yemwe anandichenjeza za mphuno. Mphuno aise. Chiwalo chimene ndinkachiyesa chokongoletsa nkhope basi ndi chimene chinandichititsa manyazi kuntchito mpaka pano ena akandiona amayamba kununkhiza m'mwamba dala.

Maola oyambirira nditasiya kusuta ndinkangoyenda monyada. Ndinali nditawerenga kuti pakangotha mphindi 20 chisutireni ndudu yomaliza mtima umayamba kugunda mwaulemu, pakatha maola 12 mpweya woipa uja wa carbon monoxide umatsika m'magazi kufika pabwino, nde ine ndinkangoyang'ana wotchi n'kumauza madam kuti mayi, mukuona munthu ameneyu, magazi ake ayera. Iwo anangoti tiona. Mawu amodzi okha, tiona, koma anandipweteka kwambiri poti ankadziwa zimene zikubwera pomwe ine mwini thupi sindinkadziwa.

Chimene chimachitika ndi ichi, chikonga ukakoka utsi chimafika muubongo pa masekondi ngati 10, changu chake n'choopsa, koma sichikhalitsanso, pakatha maola awiri theka lake lachoka m'magazi. Ndiye chifukwa chake osuta sitichedwa kutuluka panja. Tsono ukasiya, ubongo umene unazolowera kulandira katundu wake nthawi ndi nthawi umayamba kufunsa mwaulemu kaye, kenako umayamba kukalipa, ndipo odziwa amati chibaba chimafika pachimake tsiku lachiwiri kapena lachitatu. Ine nkhani yanga inachitika ndili pachimake pomwepo, moti chonde mukamaweruza muzikumbukira zimenezi.

Usiku wake sindinagone. Ndinatembenuka kumanja, kumanzere, ndinawerenga mabowo a lamba, ndinakwiyira wotchi yapakhoma kuti ikusokosa pomwe yakhala pompo zaka zonsezi osandilakwira. M'bandakucha tulo titandiba pang'ono ndinalota ndikusuta, ndudu yaitali yosatha, ndipo ndinadzuka mtima uli phaphapha n'kuyamba kupepesa kuti mayi mundikhululukire ndasuta. Iwo ali mtulo anangoti abambo, mwasutira kuti, pilo? Gonani. Ndinamva pambuyo pake kuti maloto amenewa amawalota ambiri amene angosiya kumene, koma panthawiyo ndinanunkhiza zala zanga zonse kuti nditsimikize.

Kutacha ndinali ngati munthu woti wabwereka mutu wa wina. Ndiye ndinati khofi ndi amene andithandize. Apa mvetserani bwino inu amene mukufuna kusiya, chifukwa izi sazilemba papaketi. Utsi wa fodya umapangitsa chiwindi kuti chizichotsa kafeini m'thupi mwachangu, n'chifukwa chake osuta timamwa khofi wambiri osamva kanthu. Ukangosiya, chiwindi chimabwerera pa liwiro lake lakale, nde khofi yemweyo amene unkamwa amakumenya pafupifupi kawiri. Munthu wanzeru amachepetsa. Ine ndinawonjezera poti ndinali ndi tulo, ndipo pofika kuntchito mwendo wanga wakumanja unali ukuvina wokha pansi pa tebulo.

Tsopano za mphuno zija. Amati pakatha maola ngati 48 kununkhiza ndi kumva kukoma kumayamba kubwerera, ndipo amazinena ngati mphatso. Kwa ine sinali mphatso. Nditangokhala pampando ndinamva fungo linalake, fungo lachikale, lowawasa, la utsi woti unagonera n'kugoneranso, likundizungulira. Ndinayang'ana mu bini, mulibe. Ndinatsegula windo, likadalipo. Ndinapita kukatenga madzi, fungo lili pambuyo panga. Ndinalowa muchimbudzi, lalowa nane. Munthu woganiza bwino apa akanazindikira kanthu, koma ine ubongo unali pa sitiraka, nde ndinangoti ofesi yonse yaola.

Ndipo wolakwa ndinamupeza msanga. Mnzanga amene timakhala moyandikana, yemwe dzana lomweli tinkagawana laita kuseri kwa ofesi. Ndinamuyang'ana ndi diso la munthu wotembenuka mtima kumene, mukulidziwa diso lija, n'kumuuza kuti amwene, sindikufuna kukunyozani koma mukununkha. Iye anadabwa, akuti aise lero sindinasute n'komwe, ndudu zandithera. Ndinati ndiye kuti zalowa m'mafupa. Anangoseka n'kupitiriza ntchito, ndipo kuseka kwakeko kunandikwiyitsa moti ndinatsegula kompyuta n'kulemba imelo kwa abwana.

Imelo imeneyo ndikanakonda intaneti ikanaimeza. Inali yaitali. Ndinalembamo za ufulu wa anthu osasuta, ine amene ndinali ndisanamalize ndi sabata yomwe. Ndinalembamo kuti utsi wa fodya uli ndi makemikolo oposa 7000 ndipo pafupifupi 70 mwa amenewa amayambitsa khansa, zomwe ndi zoona, koma ndinazilemba ngati ndazitulukira ndekha m'mawa womwewo. Ndinapemphanso kuti anthu ena, sindinatchule dzina koma ndinafotokoza pomwe amakhala ndi mtundu wa shati imene avala, asunthidwe apite pafupi ndi khomo. Ndinatumiza. Ndinamva bwino kwa mphindi imodzi yathunthu.

Kenako chibaba chinabwera, chenicheni, chija chimayambira pachifuwa n'kukwera kukhosi mpaka mano kuyabwa. Amati chimatha chokha pa mphindi 5 mpaka 10 ukachipirira, ukamwa madzi, ukapuma mokoka, ukayendako pang'ono, ndipo ndi zoona chimathadi, koma mphindi zimenezo aliyense amene anazidutsa akuuzani kuti wotchi imakhala ikuyenda chokwawa. Vuto linali loti miting'i inali itatsala pang'ono kuyamba ndipo ine ndi amene ndinkayenera kupereka lipoti.

Apa ndi pomwe ndinakumbukira chingamu cha chikonga chimene ndinagula kufamase. Mayi amene anandigulitsa anandifotokozera bwinobwino, anati bambo, ichi si chingamu cha ana. Chilipo cha 2 mg ndi cha 4 mg, inu poti mumasuta musanathe mphindi 30 chidzukireni tengani cha 4 mg. Muzitafuna pang'onopang'ono, mukamva kuthethetsa mkamwa musiye, muchiike pakati pa tsaya ndi nkhama chikhale pompo, kuthethetsa kukatha mutafunenso, choncho kwa mphindi ngati 30, chikonga chizilowa kudzera mkamwa momwemo osati m'mimba. Ndipo musamwe khofi mphindi 15 musanatafune poti amasokoneza. Ine nthawi yonse amalankhulayo ndinkangogwedeza mutu uku mumtima ndikuti mayi, munthu wamkulu ngati ine mundiphunzitse kutafuna chingamu?

Ndinaponya ziwiri mkamwa nthawi imodzi, pamwamba pa khofi, n'kuyamba kutafuna ngati mbuzi yoba chimanga, malovu onse n'kumameza.

Miting'i inayamba bwino. Ndinaimirira, ndinapereka moni, ndinati malinga ndi zimene tapeza mwezi uno, kenako hik! Aliyense anadzutsa mutu. Ndinati pepani, malinga ndi, hik! Chikonga chimene ndinameza chinali chitafika m'mimba ndipo m'mimbamo sichinalandiridwe, pakhosi pakuwotcha, nseru ikubwera chapatali, thukuta lili kamukamu pamphumi, ndipo mawu aliwonse atatu ndimadumpha pang'ono ngati wina wandibaya ndi singano. Manambala amene ndinawakonza usiku wonse ndinkawatchula modukaduka moti mayi wa zachuma anafunsa ngati hik ali mbali ya bajeti. Anthu anaseka. Ine sindinaseke, ndinamuyang'ana mpaka anayamba kufufuza zinthu muchikwama chake zoti mulibe.

Abwana anati khalani pansi kaye mumwe madzi, wina apitirize. Ndinakhala. Tsono vuto lina la masiku oyambirira ndi manja, anthu amaiwala zimenezi. Munthu wosuta ndudu 20 patsiku, ngati iliyonse amaikoka ka 10, ndiye kuti dzanja limapita kukamwa ka 200 tsiku lililonse, kwa zaka. Dzanja limenelo silimva zoti mwasiya, silinafunsidwe maganizo. Nde langa linatola bolopeni palokha, kuipana pakati pa zala ziwiri zija, kupita nayo kukamwa, ndipo ine ndikumvetsera lipoti la mnzanga ndinali ndikuikoka mwamphamvu, kenako n'kumaigogoda ndi chala kuti phulusa ligwe. Phulusa lake ndinkagwetsera mukapu ya abwana. Anandiyang'ana, anayang'ana kapu, anaisuntha pang'onopang'ono osanena kanthu.

Ndinachita manyazi nde ndinangoiluma bolopeniyo kuti dzanja lisachitenso zopusa. Ndinailuma ndi mkwiyo wonse wa munthu wosagona, ndinamva kuti thwa, kenako mkamwa munabwera kukoma kwachilendo kowawa, ndipo poti lilime nalo linali litayamba kumva bwino ndinakumva konse, bwinobwino. Ndinkayesa ndi chingamu chija. Ndinapukuta pakamwa ndi dzanja, ndinapukutanso chibwano, ndinakanda mphuno. Chipinda chonse chinali zii. Mnzanga uja ndinamunena kuti akununkha ndi amene anandiyandikira n'kundinong'oneza kuti amwene, mwasanduka wabuluu.

Hik.

Miting'i itatha abwana anati nditsale. Ndinatsala, milomo yabuluu, mano abuluu, chingamu chabuluu chili m'tsaya poti pamapeto pake ndinakumbukira malangizo a mayi aja. Anatsegula laputopu n'kuti ndawerenga imelo yanu, mwalemba bwino kwambiri, makamaka pa makemikolo paja. Ndinati zikomo bwana, hik. Anati fungo mukulinenali, muno mukulimva? Ndinanunkhiza n'kuti eya bwana, likumveka kwambiri, mwina watsala nalo pampando pomwe anakhala. Anati muno tatsala awiri, ndipo ine sindinasutepo chibadwire. Kenako anati tavulani jekete lanulo muliike panja pa chitseko.

Ndinavula, ndinaliika panja, ndinatseka chitseko. Abale, mpweya unali bwino. Unali bwino kwabasi. Ndinatsegula chitseko kulitenga, fungo lija n'kundilandira ndi manja awiri ngati m'bale wanga.

Jekete limenelo ndakhala nalo zaka, ndimalikonda, ndi lomwe ndinkavala ndikamatuluka kukasuta kukazizira, ndipo utsi umakakamira munsalu, m'makatani, m'mipando ya galimoto, wosuta yekha ndi amene samaumva. Ndinafunsa abwana kuti kodi lakhala likumveka choncho nthawi yonseyi? Anati kuyambira tsiku la intavyu yanu. Ndinati nanga bwanji simunanene? Anati tinkayesa mukudziwa. Kenako anandifunsa ngati ndikufunabe kuti munthu wonunkhayo asunthidwe apite pafupi ndi khomo, poti malo alipo ndipo atha kundithandiza kunyamula tebulo.

Mnzanga uja imelo anaiona, kaya anamuonetsa ndani, ndipo sanakwiye, zomwe zinali zopweteka kuposa akanakwiya. Anangobwera ndi bolopeni yatsopano n'kuiika patebulo panga, akuti iyi ndi yofiira amwene, mwina mungakonde kusintha kakomedwe.

Madzulo ndinafika kunyumba jekete lili mupepala lapulasitiki, ndalimanga kawiri. Madam anandiyang'ana kukamwa, anayang'ana pepala, sanafunse za buluu n'komwe, anangoti mwalimva eti? Ndinati mayi, inunso munkadziwa? Anati abambo, mukuganiza kuti n'chifukwa chani limagona palokha kuseri kwa chitseko pomwe zovala zina zonse zili muwadiropu? Ine zaka zonsezi ndinkayesa ndi ulemu, kuti jekete la bambo lili ndi malo akeake.

Ndinati lichapidwe lero lomwe, ndipo ndichapa ndekha kuti aone kuti munthu wasintha. Ndinaliviika mubeseni momwe munali kale zovala zawo zoyera, bulauzi imene amaikonda ndi zina, ndinathira sopo wambiri n'kulisiya kuti lilowerere, ine n'kukakhala pampando kulimbana ndi chibaba china chimene chinabwera titangomaliza kudya, poti chimakonda nthawi imeneyo. Ndinamwa madzi, ndinapuma mokoka, ndinatafuna chingamu chimodzi mwaulemu n'kuchiika m'tsaya, chinadutsa, ndinadzitamandira.

Chimene sindinachite ndi kupisa m'matumba. Thumba lamkati linali lobooka, ndipo kuseri kwa nsalu yamkatiyo munali mutagwera ndudu zimene ndinkazisaka kalekale n'kumanamizira anzanga kuti andibera. Zinasungunuka bwinobwino. Madzi anasanduka abulauni, tizidutswa ta fodya tili mbwee pa chovala chilichonse, mafyuluta akuyandama pamwamba.

Madam anatulutsa bulauzi ija ndi zala ziwiri, anaitembenuza uku ndi uku, anainunkhiza, kenako anandipatsa kuti nanenso ndinunkhize poti mphuno yanga tsopano ikugwira ntchito. Ndinanunkhiza. Anati nde mulembere ndani imelo, kapena ndikupatseni adiresi yanga?