Epoxy woyamba anandiumira m'chitini

Epoxy, guluu womatira nsalu ya faiba pa boti langa la pulayiwudi, ndinamusakaniza koyamba cha m'ma 11 koloko m'mawa, mwezi wa Okutobala, pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba ya amalume ku Senga Bay. Amene mumadziwa mmene Salima imatenthera nthawi imeneyi mwayamba kale kuseka. Ndinathira rezini ndi hadena, mankhwala awiri omwe amapanga epoxy, pafupifupi theka la lita m'chitini chimodzi, n'kutakasa bwinobwino, kenako ndinapita kukawongola nsalu ya faibayo, yolukidwa ndi ulusi wa galasi, yomwe mphepo inali itaipinda. Pobwerako chitini chinali chosagwirika ndi kutentha, kautsi kakufuka, m'kati mutauma gwa. Ndalama zomwe ndinakagulira mankhwalawo ku Lilongwe zinapsera momwemo.

Amalume, omwe anayamba kukhoma maboti ine ndisanabadwe, anangopukusa mutu. "Iwe mphwanga, phula silinandichitepo zimenezi."

Pambuyo pake ndinamvetsa chomwe chinachitika. Rezini ndi hadena zikakumana zimatulutsa kutentha, ndipo kutenthako kumafulumizitsa kuuma. M'chitini chakuya kutentha kulibe kothawira, choncho kumangodziwonjezera kokha. Panopa ndimasakaniza pang'onopang'ono, kakapu kamodzi, ndipo ndikangomaliza kutakasa ndimakhuthulira pathabwa kuti amwazikane. Muyeso nawo si wongoyerekeza ndi maso. Wanga ndi wa magawo 2 a rezini ku gawo 1 la hadena, wina amakhala wa 5 ku 1, zimatengera amene anapanga. Ndinkaganiza kuti ukachulukitsa hadena amauma msanga, koma ayi, amangotsala wonata osalimba. Ndinagula masirinji awiri akuluakulu, iliyonse ndi botolo lake, ndipo sizisinthana.

Phunziro lachiwiri linandipweteka kuposa loyamba, chifukwa ndinkadziona ngati ndachenjera. Ndinalawirira mbandakucha kuti ndipake kusanatenthe. Dzuwa litakwera, mbali yonse inadzaza timathovu ngati phala likuwira. Kodi thabwa limapuma! M'timabowo take muli mpweya, likamatenthedwa mpweyawo umafufuma n'kutulukira mu epoxy wosauma. Madzulo zimatembenuka: thabwa likamazizira limakokera mankhwala m'kati. Kuyambira tsiku limenelo ntchito yanga imayamba cha m'ma 4 koloko, pomwe anyamata a usipa akukonza nyali zawo, ndipo ndimamaliza kusanade, tizilombo tisanayambe kumatirira pamalo onyowa.

Kunyowetsa nsalu ndiye gawo lomwe ndalikonda. Umaiyala youma pathabwa, kuisalaza ndi manja, kuthira epoxy pakati n'kumamukoka kupita m'mbali. Chokokera changa ndinachidula ku chigubu chakale cha mafuta ophikira. Nsalu yoyera ija imasanduka ngati galasi mpaka mizere ya thabwa kuonekera pansi. Pomwe patsala poyera ndiye kuti sipanamwe. Pomwe pakunyezimira ngati chithaphwi pachuluka, ndipo nsalu imayandama m'malo mogwira thabwa. Poyamba ndinkathira mosaumira poganiza kuti kuchuluka ndiko kulimba, chonsecho ndinkangolemeretsa boti. Mphamvu ili mu ulusi wa nsalu, epoxy ntchito yake n'kuumata. Maso a nsalu azioneka ukamaliza ulendo woyamba, udzawakwirira ndi wachiwiri ndi wachitatu.

Nsaluyi imadananso ndi ngodya zakuthwa, imadzuka n'kusiya mphako. Zakunja ndinazipala mpaka zitakhala zobulungira. Zam'kati ndinazidzaza ndi epoxy wosakaniza ndi utuchi wosefa, wolimba ngati chiponde. Sefa yake inali ya ufa ya azakhali, ndipo nkhani imeneyo sinathebe pakhomo pano.

Tsiku lina ndinawafunsa amalume: "Bwanji inunso osamata faiba pa maboti anuwa, mukasiye kuvutika ndi phula chaka ndi chaka?" Anandikokera ku boti lina la mlombwa lomwe linali pamtunda n'kulowetsa chikhadabo pakati pa matabwa awiri. Anati mpata umenewu ukuuonawu, likangolowa m'madzi masiku awiri utsekeka wokha. Matabwa awo amatupa akanyowa, amanyala akauma, ndipo thonje ndi phula zimayenda nawo limodzi. Faiba siyenda. Ukaimata pa matabwa otere imang'ambika kapena kumatuka, madzi n'kulowa kuseri kwake osatulukanso, thabwa n'kumaola iwe osaona. Ndinafuna kutsutsa koma ndinasowa potsutsira. Boti langa la mamita 4 ndi la pulayiwudi, yemwe satupa choncho, n'chifukwa chake nsalu ikugwirizana naye. Ngakhale iyeyo amafunika akhale wouma kwenikweni, ndipo m'mphepete mwake, momwe amamwera madzi kwambiri, ndinapakamo katatu.

Zina ndi zazing'ono koma zimawononga ntchito. Epoxy akauma nthawi zina amatuluka kamafuta koterera pamwamba, makamaka kukachita chinyontho usiku. Kamachoka ndi madzi ndi siponji basi, koma ukakasiya kamatseka sandipepa ndipo chopaka chotsatira sichigwira. Fumbi la faiba limayabwa kuposa chitedze, choncho popala ndimavala malaya a manja aatali ndi chotseka pamphuno. Magolovesi sindichita nawo ulesi, chifukwa khungu likayamba kudana ndi epoxy silisinthanso. Akandidonthera asanaume ndimapukuta ndi viniga kenako sopo. Pomaliza pafunika penti, chifukwa dzuwa limamufoola epoxy, amachita chikasu n'kuyamba kusuluka, ndipo dzuwa la kunyanja kuno si lofunsa.

Pakadali pano kwatsala kumata nsalu yachiwiri pansi pa boti, pamsana pomwe lizikhukhuzika pamchenga polikoka. Ndikufuna ndimalize mvula isanagwe, chifukwa chisakasa chilibe. Dzulo madzulo ndikutsuka chokokera chija, amalume anabwera ndi nkhafi yawo yakale yong'aluka kumapeto. Anaiika pambali panga, n'kuyang'ana kunyanja ngati sakulankhula ndi ine. "Mawa ukamasakaniza, unditsalireko pang'ono m'kakapumo."