Amayi a kuseri kwathu ndi anzanga ndithu

Abale, dzulo ku mapemphero wina anandifunsa chifukwa chimene ndimadyera mbale imodzi ndi amayi a kuseri kwathu, poti iwo amasonkha nawo mapira a nsembe ya Mbona, mzimu umene amaupempha mvula, ku kachisi wa ku Khulubvi. Zandiwawa mumtima. Ine ndimakhulupirira kuti chipulumutso chili mwa Yesu yekha, ndipo amayiwa ndinawauza pamaso, iwo n'kundiyankha zawo mofatsa. Koma madzi a namondwe wa Freddy atatithamangitsa mu Malichi 2023, ndi iwowa anandiberekera mwana mpaka ku msasa wa ku Bangula, kaufa kawo kochepako n'kutigawira. Ndimawapempherera powatchula dzina, kuti Ambuye awadalitse ndi kudzionetsa kwa iwo. Loweruka ndikawathandiza kupalira thonje, wofuna kundidzudzula akandipeze kumunda komweko.