Za pa Lizulu zija, imvani kwa mwini wake

Poti mwayamba kale kunditcha Renamo pa WhatsApp, bola ndifotokoze ndekha nkhaniyi isanafike poti ndinapha munthu. Palibe anafa. Mbuzi ijanso inadzuka yokha.

Galimoto ndi ya alamu anga a ku Joni aja, Subaru Impreza WRX ya buluu ya giya yamanja, anabwera nayo ku chinkhoswe cha mchemwali wathu wamng'ono. M'mawa akuti alamu tengani makiyi mukatigulire kabichi ndi mbatatesi pa Lizulu, koma kabatani kofiira kali pafupi ndi giyako musakagwire. Tsono anali atandiphunzitsa okha usiku wake tili pa mowa, ndiye amafuna maphunzirowo ndikagwiritse ntchito kuti?

Akuti turbo, kachipangizo kokankhira mphepo mu injini kuti ikhale ndi mphamvu zambiri, imazungulira ndi utsi wotuluka mu injini, nde ukachotsa phazi pa moto utsi umachepa turbo n'kugona, ukapondanso imayamba yadziwongola kaye. Anti-lag, ya kabatani kofiira kaja, ndi yoletsa tulo timeneto, kompyuta imachedwetsa dala moto wa mapulagi kuti petulo wina akapsere mu paipi ya ekizozi turbo isaleke kuzungulira. Ndi zija za magalimoto a rally, ati Colin McRae anatenga chikho cha dziko lonse mu 1995 ali pa Subaru yomweyi. Launch control ndiye yonyamukira, uponda kilachi, ulowetsa giya wani, moto mpaka pansi, kompyuta n'kugwira singano ya liwiro la injini pa 4,500 osapitirira uku turbo ikudzaza mphepo, ukangosiya kilachi wapita. Pakanakhala mayeso ndikanakhoza.

Nde katundu tapakira, anyamata aganyu aja azungulira galimoto, wina akuti biggy tayilizeni pang'ono timve. Anapempha ndi iwowo, mulembe penapake zimenezo.

Ndinadina kabatani, kilachi pansi, moto pansi. PHA! PHA-PHA-PHA! PHUU! Malawi amoto kulavuka ku ekizozi.

Amene simudziwa Lizulu, msewu wa M1 pamenepaja ndiwo malire, mbali ino Malawi mbali inayo Mozambique. Theka la msika linathawira ku Mozambique opanda pasipoti, a ku Mozambique nawo akuthawira kuno, anakumana pakati pa tala n'kugundana mitu. Agogo ena oti nkhondo ya tsidyalo ija inatha mu 1992 koma thupi likuikumbukirabe anadziponya pansi pa benchi ya kabichi mwaluso loti wachinyamata sangathe. Tomato kugubuduzika mpaka mu ngalande. Mbuzi inali pa kaliyala ya njinga inangoti zii, miyendo m'mwamba.

Ine zonsezi sindikuziona, ndili pa rally. Ndinasiya kilachi.

Singano inalumpha mpaka pofiira, limiter ija yoteteza injini kuti isaphulike yayamba kudula moto, ta-ta-ta-ta, galimoto yonse ikunjenjemera. Ine ndagwira chiwongolero ndi manja awiri, mutu ndaukanikiza ndekha kumpando, maso ndatsinzina pang'ono kuopa mphepo, chonsecho mawindo ngotseka. M'mutu mwanga ndadutsa kale Biriwiri, ndikuganiza zoti pa Ntcheu boma ndiimika bwanji. Ndinafika poyamikira mumtima kuti koma azungu, liwiro lonseli munthu osamva bampu ngakhale imodzi! Kenako ndinaponya diso kumbali. Mulu wa kabichi. Ndinati mwina ndi msika wina. Kuyang'ananso, mulu womwe uja, ndi kabichi wobooka pamwamba yemwe ndinamukana uja. Mkulu wina wa makala anandipitirira akukankha njinga wapansi.

Giya inali pa fili aise.

Mayi wootcha chimanga, yekhayo amene sanathawe, anabwera n'kugogoda windo ndi chitsononkho. "Achimwene, mwafika?"

Tsono musanaseke kwambiri, Sienta yanga ija ilibe kilachi, ndipo giya ya alamuyi ndi yolimba ngati mtondo wouma, umaona ngati yalowa isanalowe. Komanso kutsogolo kwanga kunali minibasi ikukweza anthu, ikanalowa giya ija bwenzi pano mukusonkha za maliro. Kunena zoona ine ndinapulumutsa anthu pa Lizulu, koma palibe anabwera kudzathokoza, onse anabwera ndi malichero opanda kanthu. Mayi wina analipiritsa mazira oti ndinamuona ndi maso anga akugulitsa anyezi. Agogo aja sanafune ndalama, anangondiyang'ana nthawi yaitali n'kufunsa kuti ndine mwana wa ndani, ndinatchula mudzi wina.

Ndikufika kunyumba vidiyo inali itandiyambira kale. Alamu sanakalipe, anangotsegula boneti n'kuyamba kuyankhula ndi injini, ati zimenezi zimachitika kamphindi chabe chifukwa kutentha kwake kumaphika turbo ndi mavavu, a rally amasintha zitsulo pafupipafupi poti ali ndi owalipirira, iwo alibe. Kuyambira pamenepo akumanditchula dzina langa lenileni, ulamu wayamba waima kaye.

Kabichi pa chinkhoswe anachepa, amene munadandaula ndi chifukwa chake chimenecho. Ndipo amene muli ndi vidiyo ija, bola mukanadulako poti ndikutsinzina paja.