Kobayitsa agalu m'mawa uno

Ndangofika kumene kuchokera kokabayitsa Bobi wathu katemera wa chiwewe. Mphepo ya kuno ku Dedza inali yolowa m'mafupa, koma tianyamata tinali titafola kale pamzere ndi agalu awo, ena atawamanga ndi luzi, ena ndi chubu chakale cha njinga. Kamnyamata kena kanabwera ndi tiagalu titatu m'beseni, katatifunditsa chitenje cha amayi ake. Alangizi a ziweto anabaya tonse titatu n'kukalembera khadi, ndipo ine mtima unangoti myaa.

Chondiwawa n'chakuti ife akuluakulu tinali owerengeka. Agalu aakulu aja amayendayenda usiku m'makwalala ndi kumsika sanaoneke, chifukwa eni ake amati jakisoni amafooketsa galu, sauwanso ndipo sasaka. Si zoona zimenezo, abale anga. Bobi amabayidwa chaka ndi chaka koma akuba nkhuku amamudziwa bwino. Akatswiri a zaumoyo amati agalu 70 pa 100 aliwonse akabayidwa, chiwewe chimasiya kufala m'deralo. Chikangoyamba kuonekera pa munthu sichichizika, ndipo ana athu ndi amene amalumidwa kawirikawiri.

Galu akaluma mwana, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenako thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale atangomukanda pang'ono. Musathirepo phulusa, musadikire kuti muone ngati galuyo apenge. Amphaka nawonso amabayidwa katemera yemweyu, ndiye amene muli nawo, aikeni m'thumba kapena m'dengu lotseka mupite nawo.