Mawu akamathetheka gemu ikangoyamba pa kompyuta

Nyimbo pa YouTube zikumveka bwinobwino, koma mukangotsegula gemu, mahedifoni ayamba kuthetheka ngati mbuliwuli pamoto. Ambiri amathamangira kukagula mahedifoni ena, mawa lake n'kupeza phokoso lili pomwepo. Chifukwa chake n'chakuti kuthethekaku kuli mitundu iwiri, ndipo mankhwala a mtundu wina sachiza unzake. Pali phokoso la magetsi lomwe limalowerera m'mawaya, ndiye pali kudukaduka kwa mawu komwe kumabwera kompyuta ikachedwa kuwatumiza. Musanasinthe kalikonse, dziwani kaye kuti lanu ndi liti.

Kuyesa kwake n'kwa mphindi imodzi. Gemu ili mkati, tsitsani voliyumu ya Windows mpaka pa 1 kapena 2. Musaitseke kotheratu, chifukwa makompyuta ena amazimitsiratu mbali yotulutsa mawu ndiye mukhoza kunamizika. Mukamamvabe kulira kosalekeza ngati kwa udzudzu, komwe kumasintha mukasuntha mouse kapena mukatembenuza kamera m'gemumo, limenelo ndi la magetsi. Kukangoti zii, n'kumathetheka pokhapokha mawu a gemu akamamveka, vuto lili ku mapulogalamu, ma driver (timapulogalamu toyendetsa zipangizo za kompyuta) kapena BIOS (pulogalamu yodzutsa kompyuta, yokhala mu motherboard, bolodi lalikulu la mkati). Lowetsaninso mahedifoniwo mu foni, muvuluvute waya pafupi ndi jeki: akathetheka pamenepo, waya waduka mkati ndipo kompyuta ilibe mlandu.

Tiyambe ndi la magetsi. Graphics card, chipangizo chojambula zithunzi za gemu, ikakhala phee imadya magetsi ochepa, koma gemu ikayamba imatha kukoka mawati 150 mpaka 300 kapena kuposa, ndipo imakoka modukizadukiza mothamanga kwambiri. Tsono bowo la mahedifoni la kutsogolo kwa bokosi limalumikizidwa ndi kawaya kopyapyala kolembedwa HD Audio, komwe kamalowa pakona ya m'munsi chakumanzere kwa motherboard, kunsi kwenikweni kwa graphics card. M'mabokosi otchipa kawayaka kalibe chotchinga chokwanira, motero kamatola phokoso lonse ngati mlongoti wa wailesi. Zulani mahedifoni kutsogoloko, muwalowetse ku bowo lobiriwira la kumbuyo. Phokoso likatha, mwagwira wakuba. Thimitsani kompyuta, zulani pulagi kukhoma, kenaka dutsitsani kawayako kuseri kwa chitsulo chomwe motherboard yamangiriridwapo, kutali ndi mawaya opereka magetsi ku graphics card.

Nthawi zina si mahedifoni n'komwe. Avuleni, muyandikitse khutu ku bokosi. Graphics card yokha ikamalira mokwera, ndi yomwe amati coil whine, ndipo imakula pa menyu ya gemu pomwe zithunzi zimathamanga mpaka mazanamazana pa sekondi popanda chifukwa. Yatsani V-Sync, yomwe imafananitsa kuthamanga kwa zithunzi ndi liwiro la sikirini, kapena ikani malire a zithunzi pa sekondi: pa NVIDIA Control Panel pali Max Frame Rate, pa AMD pali Radeon Chill. Sikirini ya 60 Hz siionetsa zithunzi 400 pa sekondi, ndiye n'kungowotcha magetsi chabe. Malirewa amachepetsanso phokoso lija lolowa m'mawaya.

Kwa amene ali ndi masipika okhala ndi pulagi yawoyawo, pali vuto lina: kung'ung'udza kwa pansipansi kosasintha, kochokera ku 50 Hz ya magetsi athu. Kumabwera kompyuta ndi masipika zikakhala pa masoketi osiyana, magetsi otayika n'kupeza njira kudzera mu waya wa mawu. Ikani kompyuta, sikirini ndi masipika pa ekisitenshoni imodzi. Ndipo ekisitenshoniyo muione bwino, pakuti zambiri zapamsika zili ndi mabowo atatu koma mkati muli mawaya awiri okha, wa earth mulibe. Mukamamva kunyerenyesa mukakhudza bokosi la kompyuta, earth palibe, itanani wamagetsi. Alipo amene amalangiza kuthyola dzino la earth pa pulagi kuti phokoso lithe. Musayerekeze, dzino limenelo ndi lomwe limakutetezani power supply ikawonongeka. Inveta za modified sine wave nazo zimaliritsa masipika ndi power supply, choncho ngati phokoso limabwera magetsi akathima mukakhala pa batire, gwero ndi limenelo. Kompyuta ya magemu imafuna ya pure sine wave.

Njira yaulere yotsimikizira zonsezi: masikirini ambiri ali ndi bowo la mahedifoni kumbuyo. Mawu amafika kumeneko kudzera mu HDMI kapena DisplayPort osadutsa pa chipu cha mawu cha pa motherboard. Akamveka oyera, kaguleni kachipangizo ka USB kotulutsa mawu, DAC, ngakhale kotchipa kaja kosintha USB-C kukhala bowo la 3.5 mm. Masipika olandira waya wa optical ndiye abwino koposa, chifukwa mawu amayenda ndi kuwala, magetsi alibe podutsa.

Mtundu wachiwiri ndi umene umazunguza mutu. Kuti mawu amveke osalala, kompyuta imatumiza tizidutswa 48,000 pa sekondi iliyonse. Windows imatilongedza m'timitolo ta mamilisekondi 10, kutanthauza tizidutswa 480 pa mtolo. Zili ngati chigayo: wothira chimanga akachedwa pang'ono, chigayo chimalira chopanda kanthu. Driver wina akagwira CPU kwa nthawi yaitali osaisiya, mtolo wotsatira umachedwa, ndipo kampata kameneko ndi komwe khutu limamva kuti "the". Gemu imapanikiza CPU, graphics card ndi netiweki nthawi imodzi, n'chifukwa chake pa nyimbo zokha simumva kanthu.

Yambani ndi zosavuta. Dinani Windows ndi R, lembani mmsys.cpl. Pa Playback sankhani chipangizo chanu, Properties, kenaka Advanced. Ikani 24 bit, 48000 Hz. Magemu ambiri amapangidwa pa 48000; kukweza mpaka 192000 sikukometsa mawu, kumangoonjezera ntchito. Maikolofoni pa Recording nayonso ikhale pa 48000. Chotsani chizindikiro pa Allow applications to take exclusive control, zimitsani audio enhancements, ndipo Spatial sound ikhale Off. Ngati kuthetheka kumabwera pokhapokha bomba likaphulika kapena mfuti ikalira, mawu akungosefukira: tsitsani voliyumu ya m'gemu mpaka 70 kapena 80, muchotse bass boost.

Sinthani chinthu chimodzi, yesani pamalo omwewo a gemu, ndiye mupite pa china. Mukasintha zisanu nthawi imodzi, likadzabweranso simudzadziwa pogwira.

Zikakanika, tsitsani pa intaneti LatencyMon ya Resplendence, pulogalamu yoonetsa driver amene akuchedwetsa kompyuta, ndi yaulere kwa wogwiritsa ntchito kunyumba. Iyatseni, sewerani mphindi 10 kapena 15 mpaka mumve kuthetheka kangapo, ndiye tsegulani tsamba la Drivers muone Highest execution. Pansi pa theka la milisekondi palibe nkhawa. Driver wodutsa milisekondi imodzi ndi wokayikitsa, wofika pa atatu kapena asanu ndiye mwini mlandu. Maina ake amaoneka oopsa koma ndi ochepa. Ndis.sys ndi tcpip.sys ndi za netiweki: zimitsani Wi-Fi mu Device Manager muyese ndi waya wa Ethernet, ndipo ikani driver wochokera pa webusaiti ya opanga motherboard. Storport.sys ndi wa ma disk. ACPI.sys ndi wa kayendetsedwe ka magetsi. Wdf01000.sys kawirikawiri amangosenzera mlandu zipangizo zina, makamaka za USB, ndiye zulani zonse kusiya kiyibodi ndi mouse, muzibwezere chimodzichimodzi. Nvlddmkm.sys ndi wa NVIDIA, koma chenjerani naye: amakonda kukhala pamwamba ngakhale pa kompyuta yabwinobwino, choncho onani nambala, osangoona dzina. Nambala ikakhala yaikuludi, chotsani driver yense ndi pulogalamu ya DDU (Display Driver Uninstaller) muli mu Safe Mode ya Windows, muike watsopano, kapena wakale amene ankayenda bwino ngati vuto layamba mutangosintha. Mu NVIDIA Control Panel, ikani Power management mode ya gemuyo pa Prefer maximum performance.

Kusunga magetsi kwa Windows nako kumadula mawu. Dinani Windows ndi R, lembani powercfg.cpl, sankhani High performance, mulowe mu advanced settings: USB selective suspend ikhale Disabled, ndipo Link State Power Management pansi pa PCI Express ikhale Off. Tsekaninso mapulogalamu oyendetsa timagetsi tokongoletsa ta RGB ndi oonetsa kutentha. Amafunsa motherboard kangapo pa sekondi, ndipo awiri akamayendera limodzi amalimbirana.

Eni a ma CPU a Ryzen, opangidwa ndi AMD, ali ndi nkhani ziwiri zomwe AMD yomwe inavomereza. Mu 2021, ma motherboard a B550 ndi X570 ankadula USB, ndipo kuthetheka kwa mawu pa zipangizo za USB kunali chimodzi mwa zizindikiro; anakonza ndi AGESA 1.2.0.2 (AGESA ndi gawo la BIOS lochokera ku AMD). Mu 2022 kunabwera ya fTPM, mbali ya chitetezo ya mu CPU, pomwe kompyuta inkachita chibwibwi kwa kanthawi, chithunzi ndi mawu omwe. Anakonza ndi AGESA 1.2.0.7. Lembani msinfo32 muone BIOS yanu, muyerekeze ndi yomwe ili pa webusaiti ya opanga motherboard. Pokweza BIOS khalani pa UPS, batire logwirizira kompyuta magetsi akathima, chifukwa magetsi akathima pakati pa ntchitoyi motherboard ikhoza osadzukanso. Muli mu BIOS momwemo, zimitsani XMP kapena EXPO, zomwe zimakweza liwiro la RAM, kwa tsiku limodzi. RAM yokankhidwa kuposa mphamvu ya CPU imathetheketsa mawu isanayambe n'komwe kugwetsa gemu. Pa Ryzen 3000 ndi 5000, RAM ya DDR4-3600 ndi FCLK (liwiro la njira yolumikiza zigawo za mkati mwa CPU) ya 1800 MHz ndi pomwe ambiri amakhazikika. Mukakwera kuposa apo, yang'anani mu Event Viewer ngati muli machenjezo a WHEA-Logger a nambala 19.

Kuthetheka koyamba pakatha mphindi 20 kapena 30 kumaloza ku kutentha. Onani pa pulogalamu ya HWiNFO: CPU ikamafika cha m'ma 95 digiri imadzichepetsa liwiro yokha. Fumbi la mu Okutobala silichedwa kutseka mafani. Lipemereni, ndipo thermal paste (phala lopakidwa pakati pa CPU ndi choziziritsa chake) ya zaka zitatu kapena zinayi isinthidwe.

Mahedifoni opanda waya ali ndi zawo. Kachipangizo kawo ka 2.4 GHz kolowetsa pa USB (dongle) kakakhala pafupi ndi bowo la USB 3.0, labuluu lija, lomwe muli flash kapena disk, kamasokonezeka. Kaikeni pa USB 2.0, lakuda, kapena pa waya wotalikitsa kuti kakhale pa tebulo poonekera. A Bluetooth amagwa mawu mukangoyatsa maikolofoni pa Discord, chifukwa amasamukira ku Hands-Free, njira ya mafoni. Gwiritsani ntchito maikolofoni ina yapadera.

Ikakhala gemu imodzi yokha yothetheka pomwe zina zonse zili bwino, musavutike ndi BIOS. Pa Steam dinani gemuyo ndi batani la kumanja la mouse, Properties, Installed Files, Verify integrity of game files. Kenaka mu settings za mawu za gemuyo onani ngati yaikidwa pa 5.1 kapena 7.1 pomwe inu muli ndi mahedifoni a makutu awiri, muibwezere pa Stereo kapena Headphones.